Chigubu Kutsogolo, Mlamu Kumbuyo

Ku Mlangeni mukafunsa za Dyton, ambiri akuuzani kuti samudziwa. Nenani kuti Kadontho, aliyense ayamba kukufotokozerani, ngakhale amene sanamuonepo.

Dyton kwawo ndi ku Champiti, ku Mlangeni anangobwera kudzakwatira. Mkazi wake anali Thokozile, mayi wa mwana wawo Tisunge, ndipo ankakhala chikamwini pakati pa abale a mkaziyo. Kuyendetsa anaphunzirira pa thirakitala ku esiteti ya fodya ku Kasungu. Matipate atangoyamba anabwerako ndi pikapu yakalekale, yoti chitseko ankachita kumanga ndi waya, n'kuyamba kutsitsa kachewere ku chigwa cha Bwanje, pobwera n'kukweza mpunga. Ntchito yake inali yomweyo zaka pafupifupi makumi awiri.

Munthuyo sankamwa, sankasuta, za akazi sitinamumvere. Matenda ake anali amodzi basi, mafuta a galimoto. Chilimwe chikafika ndiye ankachita kudwala nawo. Petulo ankathira m'mamawa kusanatenthe, ati masana amakhala atafufuma ngati mtanda wa mandasi, ndiye umangogula mpweya. Akafika pa msika ankayamba wafuna mthunzi, makasitomala pambuyo, ati galimoto ikaima padzuwa thanki imatuluka thukuta. Matayala ankawapopa yekha n'kumawagogoda ndi sipanala, khutu lili pompo, ngati munthu wosankha vwende. Anachotsa ngakhale chitseko cha kumbuyo kwa pikapuyo, ati kulemera kwake kumadya mafuta. Pamsewu anthu a njinga ankamupitirira akumupatsa moni. Zina mwa izi zinali nzeru ndithu, amakaniko ankavomereza. Zina zinali misala chabe. Dzina la Kadontho linachokera pamenepo, ndipo mwiniwake ankalikonda.

Koma luso limene ankanyadira kwambiri linali la pa mtsetse. Msewu wotsikira ku chigwa uli ndi mtsetse wautali umene anthu amautchula kuti Gwiritsa, wokhotakhota, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho. Dyton akafika pamwamba pake ankachotsa giya, n'kuzimitsa injini, galimoto n'kumangotsetsereka yokha mpaka pansi osamwa ngakhale dontho. Pikapu yakale ija inkalola zimenezo. Mabuleki ake ankangofuna mwendo wamphamvu, ndipo mwendo Dyton anali nawo.

Kenaka yakale ija inatheratu, Dyton n'kugula ina yatsopanoko. Anapita nayo kwa Redson, makaniko wa pa Nsipe amene ankagwira ntchito pansi pa mtengo wa mkuyu m'mbali mwa msewu waukulu. Madalaivala a Ntcheu yense ankapita kwa Redson. Iye anaizungulira, anatsegula boneti, n'kupukuta manja.

"A Kadontho, mundimvetse bwino. Iyi si nkhalamba yanu ija. Mabuleki a iyi amapuma ndi injini. Mukazimitsa, muponda kamodzi, kawiri, kachitatu mupeza mwala."

"Mwendo wangawu mukuudziwa, a Redson?"

"Ngakhale mutabwereka wa njovu. Pa Gwiritsa musazimitse."

Dyton anaseka, koma anamvera. Chaka chathunthu ankatsika pa Gwiritsa injini ikulira, mtima ukumuwawa ngati akutaya ufa pansi.

Ndiye kunabwera chaka chija cha 2011, mafuta atasowa dziko lonse. Magalimoto ankagona pa mizere ku boma masiku atatu, anayi. Ku Mlangeni Mozambiki ndi kungodumpha msewu, ndiye anthu ankakatenga petulo kumeneko m'zigubu. Imeneyo inali nthawi ya Kadontho. Madalaivala amene ankamuseka aja anayamba kubwera pakhomo, chipewa m'manja, kudzafunsa kuti amatani kuti chigubu chimodzi chimufikitse ku chigwa n'kubwerako. Iye ankawaphunzitsa atakhala pa mpando wa ndalema, mwendo uli pa unzake.

Munthu mmodzi yekha ndi amene sankamuopa pakamwa, Mervis, mng'ono wake wa Thokozile. Mervis anali mayi wa ana atatu, wa geni ya kachewere, woseka mokweza moti ankamveka kutsidya kwa dambo. Chilamu chawo chinali cha kunyozana tsiku lililonse.

Tsikulo linali Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Anachedwa kunyamuka ulendo wa ku chigwa chifukwa matumba a Mervis anachedwa kusokedwa, ndipo pomaliza kukweza dzuwa linali litakwera kale. Mervis anatsegula chitseko cha kutsogolo, n'kuima.

"Alamu, pampando panga pali ndani?"

"Pali mlendo."

Pampandopo panali chigubu cha petulo, atachifunditsa chiguduli chonyowa, n'kuchimanga ndi lamba.

"Ha! Akulu anga akudziwa kuti mwatenga mkazi wachiwiri? Mpaka kumufunditsa!"

"Padzuwa petulo amauma, alamu. Inu simuuma, mafuta muli nawo ambiri."

"Ndithu inu mudzafa ndi umbombo. Pokuikani tidzakuikani ndi chigubu chanucho."

Anakwera kumbuyo akuseka, n'kukhala pamwamba pa matumba, chitenje atafunda kumutu.

Anafika pamwamba pa Gwiritsa dzuwa lili paliwombo. Kunatentha moti msewu unkaoneka ngati ukuwira. Dyton anayang'ana kamuvi ka geji, n'kuona kuti katsika kuposa mmene amayembekezera. Matumba anali olemera. Mawu a Redson anawakumbukira, asanamizire kuti anaiwala. Koma anati mumtima, mpaka pokhota poyamba pokha, ndikafika apo ndiliza. Anachotsa giya, n'kupotoza kiyi.

Kunangoti zii. Kunatsala nyenje m'mitengo ndi matayala akuphwanya timiyala. Ndiye padenga panamveka go, go, go. Anali Mervis, akugogoda ndi dzanja.

"Mwazimitsanso, alamu? Mafuta amenewa mudzamwa?"

Ankaseka. Dyton nayenso anamwetulira. Anaponda buleki kamodzi, inagwira. Kawiri, inagwira. Kachitatu anapeza mwala uja. Anapotoza kiyi, injini yotentha ija inangotsokomola osalira. Anapotozanso, ayi. Anakankha giya, zitsulo zinangokukutana. Galimoto inali itayamba kuthamanga yokha, matumba akuikankha kumbuyo. Kuseka kwa Mervis kunaleka. Chifukwa choti injini inali chete, Dyton anamva bwinobwino mawu amodzi, onenedwa motsitsa, ngati munthu wofunsa njira.

"Alamu?"

Pokhota pachiwiri anaikhotetsera ku thanthwe kuthawa phompho.

Atatsegula maso anapeza kuti ali bwinobwino, chipumi chokha chitang'ambika. Kachewere anali akugubudukabe mumsewu, mmodzimmodzi, kutsikira kumunsi. Mervis anagona pafupi ndi thanthwe, chitenje chitamuphimba kumaso, phazi limodzi lopanda silipasi. Dyton anamugwira dzanja, anamuitana. Panalibe choyankha. Chigubu chija chinali pampando pake, chomangidwa bwino, osatayika ngakhale dontho.

Kumunsi kunamveka anthu akukuwa, amayi amene anali pa chitsime akukwera chothamanga. Apa ndi pamene Dyton anachita chinthu chimene chinamudya. Anasiya dzanja la Mervis, analowa m'galimoto, n'kupotoza kiyi. Ulendo uno inalira kamodzi n'kamodzi. Anthu pofika anapeza injini ikulira.

Bambo wina anasuzumira pansi pa galimoto, n'kuona mafuta a mabuleki akudontha pa paipi yothyoka. Inathyoka pomenya thanthwe, koma ndani akanadziwa?

"Mabuleki awa anakonza ndani?"

"Redson wa pa Nsipe," anatero Dyton. "Dzana lomweli."

Zinali zoona, Redson anasintha paipi dzana lakelo. Dyton sanawonjezepo kanthu. Anthu anamaliza okha. Atamufunsa chifukwa chimene mayiyo anakhalira kumbuyo, anati anafuna yekha kamphepo.

Pa maliro Redson anabwera, n'kukhala ndi azibambo pansi pa mtengo wa mango. Anthu anasuntha, n'kumusiyira malo aakulu mbali zonse. Redson anadikira mpaka adzukulu atabwerako kokumba, n'kudzuka kupita pamene panakhala Dyton, n'kunjuta. Sanakweze mawu, koma onse anamva.

"Pepani, achimwene. Ndifunse chimodzi chokha. Injini inali yolira?"

Dyton anayang'ana pansi. M'siwa munkamveka Thokozile akulira dzina la mng'ono wake. Mozungulira munali alamu ake, amalume a mkazi wake, anthu amene anamupatsa malo omangapo nyumba ndi munda.

"Inali yolira," anatero. "Funsani amene anafika poyamba."

Amalume a Thokozile anaimirira n'kuuza Redson kuti anyamuke maliro asanatuluke m'nyumba. Redson anavala chipewa chake n'kumapita, osacheuka.

Patapita masabata atatu Dyton anakonzetsa galimoto kwa makaniko wina, n'kupita nayo ku msika wa ku Lizulu. Anapeza mthunzi monga mwa masiku onse, n'kupotoza kiyi. Zii. Padenga panamveka go, go, go.

"Mwazimitsanso, alamu?"

Anatuluka mothamanga. Kumbuyo kunali matumba okha. Mayi wina wogulitsa tomato anamuyang'ana n'kufunsa ngati walumidwa ndi mavu.

Mizimu ya anthu ena amati imabwera kukada. Wa Mervis unkabwera masana, anthu ali piringupiringu, dzuwa likuswa mtengo. Sunkaopseza, sunkalira. Unkangofunsa, n'kaphwete komwe kaja, kenaka n'kudikira yankho. Kulikonse kumene Dyton wazimitsa injini, kugogoda kutatu, funso lomwelo.

Ndiye anasiya kuzimitsa. Abale inu, chaka chimene anthu ankamenyana chifukwa cha lita imodzi, Kadontho ankaimika galimoto pa msika injini ikulira, kutsitsa matumba onse, kudya chipisi, kukweza ena, iyo ikungolira. Ku tchalitchi ankaisiya ikulira panja mpaka akulu a mpingo anamuuza kuti utsi ukutsokomoletsa kwaya. Pa Gwiritsa sanadutsenso, ankazungulira msewu wautali wodya mafuta kawiri. Kunyumba, poti sakanaisiya ikulira mpaka kucha, ankayamba watsegula wailesi mpaka kumapeto, n'kuzimitsa, n'kuthamangira m'nyumba manja ali m'makutu. Madalaivala anasiya kubwera kudzafunsa nzeru. Ankangoti mutu wake unagwedezeka pa thanthwe paja.

Thokozile ankati ndi chisoni. Ankauza amayi anzake kuti mwamuna wake anamukonda mlamu wake ngati mlongo wake weniweni. Ankamuphera nkhuku, kumutenthetsera madzi, kumusisita m'khosi. Ana atatu a Mervis anabwera kudzakhala pakhomopo, ndipo Dyton ankamuitana kuti bambo. Kangapo konse anatsegula pakamwa kuti anene, koma akayang'ana nyumba ya njerwa imene anamanga ndi manja ake pa dothi la eni, ndi mkazi amene anakhala naye chiyambire unyamata, ankangopempha madzi akumwa.

Uko ku Nsipe, pansi pa mkuyu panayamba kumera udzu. Nkhani inayenda ndi madalaivala omwe, kuti Redson anapha mayi wa ana atatu posamanga bwino paipi. Minibasi zinasiya kuima. Anagulitsa jeke wake wamkulu, kenaka mabokosi a zipangizo. Munthu amene ankatsitsa injini ya lole anatsala ndi beseni la madzi ndi pampu, kumamata machubu a njinga. Dyton ankazimva zonsezi. Akamadutsa pa Nsipe ankayang'ana mbali inayo.

Mvula inagwa, inatha, kunazizira, kunayambanso kutentha. Mafuta anabwerera m'mapampu. Nyenje zitayambanso kulira, wailesi ija inasiya kuthandiza. Mawu a Mervis ankadutsa pakati pa nyimbo.

Abale anagwirizana zomanga chiliza chaka chitakwana. Mwala wolembapo dzina anauitanitsa kwa mmisiri wina wa pa Nsipe pomwepo, ndipo Thokozile anati apita yekha ndi mwamuna wake kukautenga. Dyton anayesa kunena kuti atume wina. Thokozile anamuyang'ana.

"Galimoto ili pakhomo, tikatume wina? Bambo a Tisunge, mukudwala?"

Anafika masana. Dyton anaimika galimoto kutsogolo kwa mmisiriyo, injini ikulira. Mwalawo anautulutsa ataukulunga m'bulangete, n'kumapita nawo kumbuyo. Thokozile anawaletsa.

"Ayi, kumbuyo ungasweke. Ikani kutsogolo. Mng'ono wanga akhale pampando, ine ndipanikizika pambali."

Anauika pampando paja. Thokozile anakoka lamba n'kuumanga bwinobwino, n'kukonza bulangete kuti dzuwa lisaombe pa dzinalo. Dyton anaima n'kumayang'ana. Thukuta linkatsika m'khosi mpaka m'malaya.

Tsidya la msewu, pansi pa mkuyu, Redson anali atawerama pa beseni lake, akumiza chubu kufuna pobooka. Anali ataonda, tsitsi litayera. Thokozile anamuona. Analavula pansi.

"Mukuona? Akadali moyo, akudya. Inu a Redson! Bwerani mudzawerenge dzina la munthu amene munamupha!"

Redson anadzutsa mutu. Anayang'ana Dyton yekha, n'kubwezanso maso m'beseni.

Dyton analowetsa dzanja pawindo n'kupotoza kiyi.

Zii. Nyenje. Padenga go, go, go.

"Mwazimitsanso, alamu?"

"Ee, alamu," anatero Dyton mokweza. "Ndinazimitsa."

"Mukuyankhula ndi ndani?" anafunsa Thokozile.

"Ndi Mervis. Wakhala akundifunsa chaka chonse." Mawu ankatuluka okhaokha tsopano. "Pa Gwiritsa ndinazimitsa injini, mayi a Tisunge. A Redson anandiletsa, ine ndinazimitsa. Paipi yawo inali bwino, inathyoka pa thanthwe. Ndinaliza injini anthu asanafike, mng'ono wanu ali gone pansi. Ndipo kamphepo sanakafune ayi. Ndinamukweza kumbuyo ndine. Pampando apa ndinaikapo chigubu."

Thokozile sanakuwe. Anayang'ana mwala womangidwa lamba uja nthawi yaitali, kenaka anayang'ana mwamuna wake kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ngati munthu amene wakumana naye koyamba pa depoti.

"Mafuta ake anali ochuluka bwanji, amene munapulumutsa pa mtsetsepo?"

"Mwina theka la botolo."

"Theka la botolo," anatero Thokozile.

Redson anali atawoloka msewu, chubu chikudontha madzi m'manja. Dyton anafuna kugwada, koma Redson anamugwira paphewa.

"Musadetse thalauzi. Ine ndinadziwa tsiku lomwe lija, paipi ndinamanga ndi manja angawa. Kundiuza ine sikubweza minibasi pano. Mubwere tsiku la msika, muime pa mkuyu apo, munene madalaivala onse akumva."

"Ndibwera."

"Tiona," anatero Redson, n'kubwerera ku beseni lake.

Thokozile anatseka chitseko cha kutsogolo pang'onopang'ono kuti mwala usagwedezeke. Anazungulira, anaponda pa tayala, n'kukwera kumbuyo. Anakhala pa chitsulo chotentha, msana atatsamira kumene kuli dalaivala, chitenje atafunda kumutu.

"Lizani. Mukanene kwa amalume mawu omwewa, osachotsapo."

Ulendo wonse wa ku Mlangeni Dyton anayendetsa ndi mwala pambali pake. Akayang'ana pagalasi ankangoona chitenje.

Kwa amalume ananena. Tsiku la msika ku Nsipe anapitanso, anaima pa mkuyu n'kunena, ena akumutukwana, ena akungopukusa mitu. Chiliza anamulola kunyamula simenti ndi mchenga, koma tsiku lovundukula anamuuza kuti aime kunja kwa manda. Sabata yotsatira anamusudzula. Anachoka ndi chikwama chimodzi ndi pampu yake. Nyumba ya njerwa inatsala, ndipo galimoto anaisiya kuti igulitsidwe ilere ana a Mervis. Kwa Redson madalaivala ena anabwerera, ena anali atazolowera kale kwina. Jeke wamkulu uja sanagulenso.

Lero Dyton ali kwawo ku Champiti, wakalamba, amayendetsa chigayo cha dizilo cha munthu wina. Mwini chigayo amamutama kuti sanaonepo wantchito wosunga mafuta chotero. Masana, chimanga chikatha pa mzere, amazimitsa injini monga ayenera. Amayi a kumeneko anazolowera. Kukangoti zii, amasiya kucheza pang'ono, osamuyankhula. Dyton amaima dzanja lili pa chitsulo, mutu utapendekera kudenga la malata, ufa uli mbuu m'nsidze.

"Ee, alamu," amatero. "Ndazimitsa."

Akatero amatenga tsache n'kuyamba kusesa gaga.